Msilikali wa Dzina Lobwereka

Amuna anga anali ndi maina awiri, la kumudzi ndi la ku Boma. Ife tonse ku Golomoti tinkawadziwa kuti ndi a Yohane. Koma miyezi itatu ikakwana ankavala jekete lawo la khaki, n'kutenga ndodo ndi kabuku ka usilikali, n'kukwera sitima ya ku Mtakataka kukalandira penshoni ya mwendo wawo. Kumeneko kalaliki akaitana kuti "Silvesta Kamtedza," iwo ndiwo ankavomera.

A Silvesta eniake a dzinalo anali akulu awo. Anali moyo, ndi miyendo yawo yonse iwiri, akulima thonje kuchikamwini kwawo cha ku Mua.

Zinayamba mu 1942. Mesenjala anabwera ndi pepala la anyamata oti apite kunkhondo, ndipo dzina la a Silvesta linali pomwepo. Akazi awo, a Elizabeti, anali ndi pakati poyamba, pamene a Yohane anali asanakwatire. Tsiku lokwera lole, dzinalo litaitanidwa, amene anaimirira anali mng'ono. Mzungu wolembayo sanadzutse n'komwe mutu. Patapita zaka zinayi a Yohane anabwera kuchokera kunkhondo ya ku Bama mwendo wakumanzere utathera m'bondo, tizitsulo tina titatsalira m'ntchafu. Ine anandikwatira ali choncho. Mudzi wonse unkaidziwa nkhaniyi, koma anthu a kwathu, ngakhale ndi amiseche osaneneka, pa nkhani ya Boma amadziwa kutseka pakamwa.

Mu Febuluwale wa 1955 chilonda chija chinatukusira, ntchafu inatupa, ndipo pasanathe sabata ziwiri ndinali wamasiye. Mwezi womwewo madzi anasefukira n'kukokolola chimanga changa chonse cha kudimba. Pofika Okotobala mbuzi zinali zitatha. Ana anga atatu ankagonera mango osapsa ophika, ndipo tsitsi la Naomi, chitsiriza changa, linayamba kufiira.

Ndiye tinamva kuti Bwana Disi atsika kuchokera ku Dedza, ndipo Lachinayi adzakhala ku Mtakataka kulemba akazi a asilikali amene anafa ndi zilonda za kunkhondo. Ankafuna zinthu ziwiri: kabuku ka malemu, ndi m'bale wawo wamwamuna woti alumbire kuti munthuyo anafadi ndipo mkaziyo analidi wake. Ukwati wathu unali wa ankhoswe, wopanda kalata ya kutchalitchi, ndipo nkhoswe ya kuchimuna inapita ndi njala ya mu 1949. Mwamuna wotsala m'banja limenelo anali mmodzi yekha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba m'mawa ndinasiya ana kwa amayi anga n'kuyamba ulendo wa ku Mua.

Alamu ndinawapeza pakhonde akusoka chiguduli cha thonje. Ndinagwada chapatali n'kufotokoza zonse, maso ali pansi. Amene anayankha anali akazi awo.

"Ndimve bwino, Sabina," anatero a Elizabeti. "Ukufuna bambo a Henele akaime pamaso pa mzungu, agwire Baibulo, anene ndi pakamwa pawo kuti Silvesta anafa?"

"Ndi dzina limene lili m'kabukumu, mayi."

"Wabwera kudzatilaula dzuwa likuswa mtengo chonchi? Munthu wamoyo sadzilira. Msuweni wanga ananena moseka pamowa kuti mawa mudzandiike pansi pa bwemba uyo, mwezi sunathe tinamuika. Ameneyo ankangocheza. Uyu akalumbira."

"Ana akudya mango," ndinatero.

"Nanga zikadziwika? Zaka zonse izi m'bale wawo ankadya ndalama za Boma ndi dzina la eni. Mlandu suola, iwe. Adzatenga onse awiri, iwe ndi iwowa, ndipo ana ako ndi anga adzadya mangowo limodzi."

Ndisaname, zonse zimene ananenazo nanenso ndinkaziopa. Usiku wa dzulo lake ndinali nditayesa kutchula mawuwo ndekha, kuti Silvesta anafa, ndipo lilime linakana. Ndinangokhala chogwada mpaka maondo anachita dzanzi.

Alamu anamaliza msoko wawo, n'kudula chingwe ndi mano. "Mwendo umene unatsala ku Bama uja unali wanga," anatero, osayang'ana aliyense wa ife. "Lachinayi mundipeza pa siteshoni, mlamu."

A Elizabeti analowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanandipatse ngakhale madzi akumwa, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Lachinayi kunatentha kuyambira m'mamawa. Tebulo analiika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi bwalo la milandu, ndipo anthu tinakhala pansi m'mizere iwiri, asilikali uku, amasiye uku. Ndinali ndisanaonepo anthu olumala ochuluka chotere malo amodzi. Wina analibe diso, wina ankanjenjemera mutu osalekeza, wina anabwera ataberekedwa ndi mkazi wake kumsana. Onse anali atapachika mamendulo pa majekete obooka m'zigongono, ndipo Bwana atatulukira anayesa kuimirira mowongoka monga anawaphunzitsira, ngakhale amene analibe choimira.

Asilikali ndiwo anayamba. Wachinayi pamzere anali bambo wina wa kunyanja wodulidwa dzanja lamanja. Kalaliki anayang'ana kabuku kake, anayang'ana chiphaso chake cha msonkho, n'kunong'oneza Bwana. Maina anali osiyana. Bamboyo anayesa kufotokoza kuti lina ndi la ubwana, lina anapatsidwa kujando. Anakweza chigunda cha mkono wake m'mwamba kuti onse achione. Bwana anati nkhaniyo ikafufuzidwa ku Boma, ndipo mesenjala wa chisoti chofiira anamutenga n'kukamukhazika kuseri kwa galimoto. Mkazi wake anayamba kulira chamumtima, nsalu ali ataluma.

Ndinacheuka kuti ndione alamu, ndipo ndinapeza kuti sakuyang'ana za bamboyo. Maso awo anali pa kalaliki.

"Tathera pano," ananong'ona. "Uja ndi Nikolasi. Tinaphunzira limodzi ku Mishoni, benchi limodzi, zaka zitatu."

"Tibwerere, alamu."

"Wationa kale."

Ndinaganiza zothawa ndekha. Njanji inali pafupi, ndipo kupitirira njanjiyo kunali tchire. Koma ndinakhalabe pomwepo, ndipo mzere unkafupika. Mayi amene anali patsogolo panga anabwezedwa chifukwa kabuku kanadyedwa ndi chiswe. Kenako mesenjala anandikodola.

Bwana anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, wofiira khosi ndi kutentha. Ankafunsa m'Chingerezi, a Nikolasi n'kumamasulira. Ndinapereka kabuku ndi manja awiri.

"Amuna anu dzina lawo ndani, mayi?" anafunsa a Nikolasi.

Alamu anali ataima kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri moti ndinkamva kupuma kwawo. Mkazi wa kwathu satchula dzina la alamu ake, ngakhale pa zabwino. Ine ndinalitchula.

"Silvesta Kamtedza."

"Ali kuti?"

"Anamwalira."

"Liti?"

"Mwezi wa Febuluwale, chimanga chikumasula."

Kupuma kumbuyo kwanga kuja kunaima pang'ono, kenako kunayambiranso. Anandifunsa za chilonda, za ana, za mudzi, ndipo ndinayankha zonse zoona, chifukwa zina zonsezo zinalidi zoona. Atatha anati mboni ibwere kutsogolo.

A Nikolasi anadzutsa mutu n'kuwayang'ana alamu. Anawayang'ana nthawi yaitali. Anali munthu wonenepa, wa kolala yoyera, wa mtundu uja umene ukapeza ntchito ya Boma umaiwala ndi njira ya kwawo yomwe, ndipo ine ndinali nditamuweruza kale mumtima kuti atigulitsa.

"Inu dzina lanu ndani?" anafunsa.

"Yohane Kamtedza," anatero alamu. "Mng'ono wawo wa malemu."

Peni ya a Nikolasi inaima m'malere. Dontho la inki linagwera papepala. Bwana anacheuka n'kufunsa kanthu, ndipo mesenjala uja anasendera pafupi. M'maso mwanga munabwera Naomi ali pakhomo pa amayi anga, akuyang'ana njira ya kusiteshoni mpaka dzuwa kulowa.

A Nikolasi anatenga kapepala kopukutira, anapukuta dontholo pang'onopang'ono, n'kuyankha Bwana mawu awiri atatu. Sindikudziwa chimene ananena. Bwana anagwedeza mutu n'kutsamiranso pampando.

"Gwirani Baibulo ili," anatero a Nikolasi, mawu atauma. "Mukulumbira kuti Silvesta Kamtedza anafa?"

"Ndikulumbira."

"Munaona ndi maso anu?"

"Ndinaona. Ndinamusambitsa ndine."

"Anaikidwa kuti?"

"Kwathu, pafupi ndi amayi athu."

Mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kuposa zonse. Analumbiranso kuti ine ndinali mkazi wa malemuyo, wa ankhoswe, wopanda mwamuna wina.

A Nikolasi anatsegula buku lalikulu, anatsata ndi chala mpaka anapeza malo, anaika lula, n'kujambula mzere wofiira pamwamba pa dzinalo kuchokera kuno mpaka uko. Alamu anaphunzira sukulu, ankatha kuwerenga. Anaona dzina limene linadulidwalo. Kenako a Nikolasi anawagwira chala chachikulu, anachinyika mu inki, ndipo pochidinda papepala anawerama ngati akufuna kuonetsetsa.

"Mzere uwu sufufutika, mnzanga," ananena chapansipansi. "Mwamva?"

"Ndamva."

Inenso ndinadinda. Bwana anasaina, ndipo anandipatsa kapepala kokhala ndi nambala, n'kunena kuti ikatha miyezi iwiri ndizibwera kudzalandira. Ndinayamika mogwada. Pochoka tinadutsa pafupi ndi galimoto ija, ndipo bambo wa dzanja limodzi uja anali akadali pomwepo, mesenjala ataima pambali pake.

Sitima ya ku Golomoti inali ya madzulo, koma sindinaidikire. Alamu anali atayamba kale kuyenda m'mbali mwa njanji kulowera ku Mua, ndipo mayendedwe awo sanandisangalatse. Ankapunthwa pamalo opanda mwala. Ndinawatsatira chapambuyo, kapepala nditakamanga pa mfundo ya nsalu. Ndikanayenera kukondwa, poti ana anga anali atapulumuka. Koma khwangwala akalira mumtengo mtima unkangoti phwii, ndipo paliponse pamene panali udzu wautali ndinkayembekeza njoka. Ndinkapemphera kuti akafike kwawo, kuti ngati chili choti chichitike chisachitikire panjira, ine ndikuona.

Ulendo wonsewo analankhula kamodzi kokha. Anaima pa kamlatho, n'kuyang'ana chala chawo cha inki.

"Mng'ono wanga anayenda nalo dzina lija zaka khumi ndi zitatu," anatero. "Analisunga bwino."

Ndinati, "Zikomo, alamu," ndipo mawuwo anamveka aang'ono kwambiri.

Tinafika dzuwa litapendeka. A Elizabeti anali pabwalo akupeta mapira, ndipo atationa anaika lichero pansi. Ana awo aang'ono awiri anathamanga kudzachingamira bambo awo. Alamu anaima pamalire pa bwalo, pamene tsache limathera, n'kutambasula dzanja kuti anawo asayandikire.

"Musandikhudze," anatero. "Mayi a Henele, tabweretsani madzi mundithirire kunja kuno."

"Lowani mukasambe kubafa."

"Iyayi, kuno komwe. Ndachokera kumaliro."

A Elizabeti sanafunse kuti maliro a yani. Anakatenga madzi m'chikho, n'kubwera nawo akutayikira m'njira. Alamu anawerama, anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, monga timachitira tonse pochokera kumanda tisanalowe m'nyumba. Inki ya pachala ija sinachoke. A Elizabeti anathira madzi otsalawo pachalacho, anachipukuta ndi nsalu yawo, anachipukutanso, ndipo poona kuti sikuchoka anaponya chikho pansi, manja kumutu, n'kuyamba kubuma maliro.

Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zawo, amayi akumanga nsalu m'chiuno chothamanga. Alamu anangoima pomwepo, madzi akudontha kuchibwano. Mayi wina wachikulire anandigwira pamkono n'kundifunsa kuti wamwalira ndani. Ine, amene ndinali nditatchula dzinalo bwinobwino pamaso pa mzungu, ndinalephera kumuyankha.