Magazi a Amayi M'bokosi la Tepi Yobiriwira

1.
Amalume a Sandalamu anandipatsa kabotolo ka mafuta odzola, kotsukatsuka.
Ndaziona, iwe ndiye unafika Folomu 4. Pita ku Blantyre ukatenge magazi a mayi ako. Loweruka tikumanga chiliza.
Amalume, ine sinditha kulankhula ndi anthu.
Sindikukutuma kukalankhula. Munthu amaikidwa wathunthu.
Ndinayang'ana pansi. Nsapato zawo zinalibe zingwe.

2.
Amayi, inu munapereka mkono kanayi. Anthu a kafukufuku ankabwera ku chipatala chathu chaching'ono, akufuna kudziwa chifukwa chake impso za anthu a kuno ku Chikwawa zimafa msanga. Ena ankati ndi anamapopa. Inu munkaseka. Anamapopa opereka khadi?
Khadiyo munkaisunga m'buku la nyimbo.
Mu Januwale miyendo inatupa, nsapato zinakana. Mu Malichi tinakuikani.

3.
Zimene ndinanyamula:
khadi ija, nambala 0417,
kabotolo ka amalume,
mbatata yootcha,
mawu amene ndinaloweza m'minibasi, amene anandithawa nditangofika pa geti ya yunivesite.

4.
Woyang'anira labotale ndi mayi Chikaonda, wamfupi, magalasi ali pamphumi. Ndinangowapatsa khadi. Anaiwerenga, nandiyang'ana nthawi yaitali.
Ndi amayi ako?
Anali.
Pepa mwanangu. Kuno sitidziwa mayina, timadziwa manambala okha. Dzina lawo ndani?
Filesi.
Vala jasi ili, tikawaone mayi Filesi.

5.
Chipindacho chimalira ngati njuchi zambiri zili m'mphako ndipo mulibe fumbi ngakhale pang'ono ndipo makina ena amazungulira mwaliwiro mpaka amaoneka ngati angoima ndipo ena amayamwa kadontho kochepa kuposa msozi n'kulemba mizere pa kompyuta ndipo anthu ovala zoyera amayenda pang'onopang'ono atanyamula tithireyi ndi manja awiri ngati akulu a mpingo tsiku la mgonero ndipo ine ndinaiwala kuti ndimachita manyazi ndinangoima kukamwa kuli yasa

6.
Pachitseko pali pepala:
Lolemba, a chifuwa chachikulu.
Lachiwiri, a malungo.
Lachitatu, a impso.
Lachinayi, a khansa ya chiberekero.
Lachisanu, amene wafulumira.

Makina awa palibe gulu lingawagule lokha, anatero mayi Chikaonda. Ndiye timabwerekana ngati mtondo. Woyamba kusinja atsukire mnzake.
Mnyamata wina wa malungo anasuzumira. Mayi, ndingalowetseko tanga tiwiri tokha?
Lero ndi Lachingati, iwe?
Lachitatu.
Ndiye udzudzu wakowo udikire.

7.
Firiji.
Yaitali kuposa chitseko cha tchalitchi. Imodzi, ya magulu onse. Pamwamba pake manambala ofiira: 80 pansi pa ziro.
Mayi Chikaonda atatsegula munatuluka nkhungu, inatsika n'kundikuta mapazi.
Mabokosi a tepi yofiira, a yachikasu, a yobiriwira. Anatulutsa lobiriwira ndi magolovesi aakulu ngati a wowotcha njerwa.
Masekondi ochepa okha, mwanangu. Sakonda kutentha.
Timabotolo tinayi, kalikonse ngati chala chaching'ono. 0417. 0417. 0417. 0417.

Amayi, inu amene munkagona pabwalo mu Okutobala, mukudandaula kuti dziko likupsa.

8.
Nanga aka ka pambali, 0418?
Ameneyo ndi mayi wa ku Namiwawa, ku nyumba za mipanda kuja. Zaka zofanana ndi za mayi ako. Wa kumudzi aliyense timamuika ndi mnzake wa m'tauni. Wina amamwa madzi a m'paipi, wina a pamjigo wa mchere. Wina ali ndi dokotala pafupi, wina amayenda mtunda. Tikufuna tione pamene njira zawo zinasiyanirana.
Iyeyo ali moyo?
Ali moyo.
Amayi sanakhalepo mpando umodzi ndi munthu wotero. Apa anali phewa ndi phewa, m'bokosi limodzi, pachisanu chimodzi.

9.
Pa kompyuta panali madontho anayi, okwera ngati masitepe.
Loyambali ndi la zaka ziwiri zapitazo, anatero mayi Chikaonda.
Zaka ziwiri zapitazo amayi ankalima mapira ndime yonse okha, n'kubwera akuimba.
Magazi awo anali atayamba kale kunena. Ife ndi amene sitinkadziwa kumva. Sindikulonjeza kanthu, sitinatsimikize. Koma zikatheka, namwino wa kwanu adzadziwa miyendo isanatupe. Amene anabwera maulendo onse anayi ndi ochepa kwambiri.
Kenako anaika pepala ndi cholembera patebulo.
Ndi ufulu wa banja. Ukasaina apa, tiwachotsa, tiwatseka bwino, upita nawo lero. Wa ku Namiwawa nayenso achoka, poti munthu mmodzi sayerekezedwa ndi mphepo.
Munthu amaikidwa wathunthu.
Cholembera chinali cholemera ngati khasu.
Munthu amaikidwa wathunthu.
Amayi, kanayi konse palibe anakukokani. Munkayenda nokha, mutavala chitenje cha Lamulungu.

10.
Ichi sichinali papepala limene ndinawerenga kumanda.
Zigawo zisanu ndi zinayi zapamwambazi ndinaziwerenga Loweruka m'mawa, nditaima pamutu pa manda. Ndinaika manambala kuti mawu akandithawa ndidziwe pobwerera. Amisiri anali atasiya kusakaniza simenti. Nditamaliza ndinapereka kabotolo kwa amalume. Anakagwedeza pafupi ndi khutu.
Mulibe kanthu.
Mulibe, amalume. Sindinasaine.
Kwinaku njiwa inalira.
Wati akugona ndi ndani?
Ndi mayi wa ku Namiwawa.
Filesi? Mlongo wanga Filesi, ndi adona a kumpanda?
Anaseka mpaka anagwira phewa la mmisiri, kenako kusekako kunasanduka china, anatembenukira kutchire.
Atabwerera anagwada movutikira, naika kabotolo kopanda kanthu pakati pa njerwa.
Thirani simenti.
Tikutuluka kumanda anayenda pambali panga, pang'onopang'ono, nsapato zija zikukhwepa.
Iwe Ndaziona. A impso aja wati tsiku lawo ndi liti?
Lachitatu, amalume.
Ukandiperekeza. Iwe ndiye umatha kulankhula ndi anthu.