Habu ya Njinga ya Olipa

Nedson ankakonza njinga pansi pa mtengo wa kesha pamsika wa Chinsapo, ndipo mbiri ya luso lake inkamveka mpaka ku Likuni. Koma njinga ya mkazi wake Olipa, imene ankakapikulira tomato kumadimba, inkalira ngati nkhanga. Chiyambire mvula mayiyo ankamukumbutsa kuti aikonze, iye n'kumangoti mawa.

M'mawa wina, chaka cha riferendamu chija, Nedson anaona anthu akuyang'ana kumsewu. Olipa ankabwera wapansi, akuguza njinga, tayala lakutsogolo litauma gwa. Chigongono chinali chitasupuka, chitenje chonse chili tomato yekhayekha. Anamudutsa mwamuna wake osacheuka n'komwe, nakaimika njingayo tsidya lina la msewu, kwa Kassimu, mmisiri amene ankalimbirana naye makasitomala.

Amayi ogulitsa makala anasiya macheza. Nedson anasowa poyang'ana.

Kassimu anamasula habu, chitsulo chapakati pa tayalalo. Timipira tachitsulo ta mabering'i tinagwera m'dzanja lake tili touma, tofiira ndi dzimbiri, girizi wakale atasanduka dothi. Anatiyang'ana kanthawi, kenaka anawoloka msewu, tayala lili m'manja.

"Achimwene, palafini wandithera," anatero motsitsa mawu. "Tandithandizani kantchitoka."

Botolo la palafini linkaoneka poyera pa benchi ya Kassimu, lodzaza mpaka m'khosi. Nedson analandira tayalalo osadzutsa mutu.

Anathira palafini m'kachitini, natsuka timipirato ndi mswachi wakutha mpaka mafutawo anada bii. Tina tinali titadyeka, choncho anaika tatsopano. Anapukuta mu habu ndi kansanza, napaka girizi ndi chala, nayala timipira m'malo mwake. Ntchito yonseyo inatha thukuta lisanatuluke, ndipo zimenezo n'zimene zinamuwawa koposa.

Olipa anali atakhala pamwala, akusankha tomato wosaphwanyika. Nedson atawoloka msewu n'kubwezera tayalalo panjinga anafuna kupepesa, koma pakamwa panangotuluka zoti tayala tsopano likuzungulira bwino.

"Ndamva, bambo a Thoko," anayankha Olipa. "Gulitsani wotsalayu asanaole. Ine ndikupita kuchipatala akanditsuke chilondachi."

Anakwera njinga n'kumapita, dzanja limodzi atalipinda.

Masana onse Nedson anakhala pakati pa amayi amumsika, beseni la tomato wofinyika lili patsogolo pake. Obwera ndi njinga zowonongeka ankamufunafuna pamtengo paja, ndipo amayi amakala aja ankawalozera pomwe wakhala.