Bokosi la Kumanzere kwa Chikuku

Chisamba anali atagwada pabalaza, pulayala ili m'manja, akulimbana ndi chitsekerero cha bokosi la malemu bambo ake. Anapotokolera kumanja, chinakana. Anayesa kumanzere, chinakananso. Pulayala inaterereka n'kusiya chipsera chachitali pa penti.

"Bambo nawonso," anatero akupukuta thukuta ndi mkono wa shati. "Chilichonse ankapanga mwawomwawo. Chitsekerero chosatseguka n'cha ntchito yanji?"

"Muthyolatu, achimwene," anatero mlongo wake, amene kwawoko onse ankangomutchula kuti Mzime, ngakhale anali atakula mpaka kumalipira yekha lendi.

"Ndithyola chiyani? Chinafa kale ichi."

Amayi awo anali pa chikuku pafupi ndi zenera, akuonerera. Chidwalireni sitiroko, mbali yawo yakumanja inafa, ndipo mawu anapita nayo limodzi. Mutu wokha unali wakuthwa monga kale, nthawi imene ankaphunzitsa masamu. Dzanja lamanzere linkanjenjemera likagwira cholembera, koma chala chimodzi chinkatha kudina mabatani. Choncho ankalankhula ndi laputopu: iwo kulemba, makina kuwerenga mokweza ndi mawu a mzimayi wosadziwika amene sankaseka kapena kupsa mtima. Tsopano laputopuyo inali itazima pa kathabwa kake, pamwamba pa maondo awo.

Moto wake unkachokera m'bokosilo. Malemu, amene moyo wawo wonse ankakonza makina a m'chipatala, analipanga okha m'galaja atatopa ndi kuzimazima kwa magetsi, n'kulikoleka kumanzere kwa chikuku. M'kati munali zinthu ziwiri: batire lotchaja, ndi kachipangizo kamene iwo ankati fyuwelo selo, komwe kamamwa methanolo, mtundu wina wa spiriti, n'kutulutsa magetsi popanda lawi kapena utsi, kumangodontha timadzi. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankalandira phunziro lake, afune asafune.

"Selo ndi kasupe," ankatero. "Amatuluka pang'onopang'ono koma saleka. Batire ndi ndowa. Laputopu ikamva ludzu lalikulu imatunga mu ndowa, kasupe n'kumadzazanso. Uchotse chimodzi, mayi anu akhala chete."

Mlendo akati atsegule pakamwa kuti afunse, iwo anali atayankha kale funso lina. Anali munthu wa pakamwa. Sankadikira mnzawo kuti amalize nkhani, ankamuthandiza kumaliza. Mwambi wawo wapamtima unali woti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ankaunena mothamanga kwambiri.

Bokosilo linaphedwa ndi chifundo cha Chisamba. Sabata ya maliro mphepo yamkuntho inagwetsa mapolo a magetsi m'dera lonse. Anthu anadzaza nyumba, aliyense ndi foni yotsala pang'ono kuzima. Chisamba, amene sankatha kuona vuto osalithetsa pomwepo, anaona timabowo totchajira m'mbali mwa bokosi, analichotsa pa chikuku n'kuliika pa tebulo. Mafoni anafola mzere. Wina analumikizako sipikala ya nyimbo. Anthu anayamika kuti mwana wa malemu ndi wanzeru ngati bambo ake. Pofika tsiku loika maliro, ndowa inali itauma, kasupe nayenso ataphwa. Tchaja ya laputopuyo sinkalowa pena paliponse, ndipo batire lake lam'kati malemu analichotsa kalekale litatupa.

Galaja nayo Chisamba anaikiya, makiyi n'kuika m'thumba, azakhali awo ataona munthu wina wobwera kudzalira akutuluka ndi masipanala m'jekete.

"Tikafika kwanga ndikagula laputopu yatsopano," anatero tsopano, akukankhira bokosilo kumbuyo kwa mpando ndi phazi. "Yeniyeni, ya m'sitolo. Osati izi za mawaya."

"Tikafika kwanu? Nkhaniyo tamaliza liti?" anafunsa Mzime.

"Pali chomaliza? Pafupi ndi kwanga pali nyumba yosamalirako okalamba, yaukhondo, anamwino usana ndi usiku. Ndalankhula nawo kale. Nyumba ino tiikamo anthu."

"Amayi mwawafunsa?"

"Iwe ukhala nawo? Ntchito ya ku famase usiya? Ndani aziwanyamula kupita kubafa, iwe ndi msana wakowo?"

Ntchito Mzime sakanaisiya, ndipo onse ankadziwa. Zaka zonsezi ankabwera Lamlungu ndi zipatso, n'kumapeza zonse zili m'malo, amayi atasamba, tsitsi litapesedwa. Sanafunsepo kuti zimatheka bwanji.

Chisamba anawerama pamaso pa amayi ake n'kukweza mawu, ngati kuti sitiroko inatseka makutu. "Amayi, mukufuna kukhala pamalo pamene muzisamalidwa bwino, eti?"

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

"Simukufuna kuti Mzime achotsedwe ntchito chifukwa cha inu, si choncho?"

Anavomeranso.

"Waona?" anatero Chisamba kwa mlongo wake.

Ndi mmene ankawafunsira masiku onsewo. Munthu amene wangotsala ndi inde ndi ayi amayenda njira imene wofunsa walambula. Amayi anatukula dzanja lamanzere n'kuloza kunja kwa zenera, kumene kunali chitseko cha galaja. Anali akuloza kumeneko chiyambire tsiku la maliro, m'mawa, masana, nthawi zina mpaka kumenya kathabwa ndi chikhatho.

"Ayambanso," anatero azakhali, mlongo wa malemu, akutuluka m'khitchini ndi makapu. "Mtima, ana inu. Akufuna amuna awo. Akuona ngati akadali mmenemo akusokosera ndi nyundo. Musawalowetsemo, angolira n'kukweza BP. Alamu, pepani, imwani tiyi."

Amayi anatembenuzira nkhope kukhoma. Azakhali anati chimenechonso chinali chisoni.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Chisamba anadzuka ndi mphamvu za munthu amene wagwira ntchito yabwino. Anapakira masutikesi m'galimoto, anawerenga mankhwala, anakulunga chithunzi cha ukwati mu thawulo. Bokosi la malemu analiika pakhonde pamodzi ndi zinthu zokataya: wailesi yopanda msana, matayala a njinga, ketulo yoboola. Azakhali anali atasankhamo kale zimene anati n'zachisoni kutaya.

Mzime ndi amene ankakankha chikuku. Njira yopita ku galimoto inkadutsa pa chitseko cha galaja. Atafika pamenepo amayi anatambasula dzanja n'kugwira chogwirira cha chitsekocho. Mzime anakankha pang'ono, chikuku chinapendekeka, dzanja silinasiye.

"Amayi, tiyeni, njira ndi yaitali," anatero Chisamba. Anayesa kumasula zala zawo chimodzichimodzi. Akamasula ichi, chinzake chinali chitagwiranso. Sankadziwa kuti dzanja lonjenjemeralo lili ndi mphamvu zotere.

"Atsegulireni, achimwene."

"Azakhali anena kale kuti..."

"Akalira alire. Amuna awo amwalira, alekerenji kulira? Bweretsani makiyi."

Chisamba anayang'ana wotchi, anapumira m'mwamba, n'kutsegula. "Pang'ono pokha."

M'galajamo munkanunkha girisi ndi mawaya opsa. Kumanja kunali chipwirikiti chimene anawo ankachidziwa kuyambira ali aang'ono: zitini za misomali, mamota ong'ambulidwa, mashelefu ofika kudenga amene malemu okha ankadziwa za m'menemo. Koma pakati panali kanjira kosesedwa, kotakasuka mokwana chikuku. Ndipo kukhoma lakumanzere kunali shelefu imodzi yaifupi, yofika m'chiuno mwa munthu woimirira. Pa thabwa lake panali mabowo ozungulira, ndipo m'bowo lililonse munakhala kabotolo ka methanolo, kakang'ono, kopepuka, kokhala ndi mlomo wautali.

Amayi sanalire. Sanayang'ane n'komwe jekete ya malemu imene inali pa msomali. Analoza pakhonde, pa mulu wa zokataya, n'kumenya m'mbali mwa chikuku pamene panali zokolekera ziwiri zopanda kanthu.

Mzime anathamanga kukatenga bokosi lija n'kulikoleka m'malo mwake. Amayi anatsitsa dzanja osayang'ana n'komwe, anaika chikhatho pa chitsekerero, anadinikiza, n'kukankhira kutsogolo. Chinatseguka ngati kabati. Sichinali chopotokola. Munthu wa dzanja limodzi lonjenjemera sangapotokole kanthu.

Chisamba anatsokomola.

Amayi anatenga kabotolo kamodzi, anakalowetsa mlomo pabowo, n'kudikira mpaka kathe. Sipanatayike ngakhale dontho. Kenako analoza kapaipi kamene kankalendewera pansi pa chotsamira mkono. Mzime anakatsatira ndi maso mpaka pa kampira kakuda komangidwa pa chotsamiracho, konga kopopera poyeza BP. Iye ndi mchimwene wake ankaganiza kuti n'kolimbitsira zala. Mzime analumikiza kapaipiko ku bokosi, amayi n'kuyamba kufinya.

Mzime anakumbukira mbali ya phunziro lija imene sankaimvetsera. Selo siidzuka yokha, imafuna kapampu koipatsa mafuta, ndipo kapampuko kamadya moto wa batire. Batire likauma, palibe chodzutsa chinzake. Bambo ake anali ataganizira tsiku loti zonse ziwiri zagona, iwonso palibe. Mzime anayang'ana chitsekerero chija. Pambali pa chipsera cha pulayala, penti inali itafufutika malo aakulu ngati chikhatho. Sizinali za sabata imodzi kapena mwezi. Anachita manyazi, ndipo chisoni chimene chinamukana kumanda chinamupeza pamenepo, ataima pakati pa zitini za misomali.

Amayi anafinya, n'kufinya. Thukuta linatsika m'khosi. Mzime anati awathandize, iwo anamukankha ndi chigongono. Patapita nthawi, m'bokosi munamveka kakulira ngati ka udzudzu, kafani kanazungulira, kanaima, kanazunguliranso. Kanyale kofiira kanayaka.

"Basi yatsani, tizipita," anatero Chisamba.

Amayi anapukusa mutu n'kuloza kanyaleko. Ndowa inali isanadzaze.

Anadikira. Chisamba anatuluka kukatseka galimoto, anabwerera, anatulukanso kukayankha foni ya ku nyumba ya okalamba. Azakhali anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, kenako anatseka pakamwa ndi nsalu, chifukwa mawuwo anatuluka ndi kalankhulidwe ka mchimwene wawo. Pansi pa bokosi, dontho loyamba la madzi linagwera m'kachitini kamene kanali komangiriridwa pamenepo ndi waya.

Kanyale katasanduka kobiriwira, amayi anayatsa laputopu. Chala chinayamba kuyenda, chilembo chimodzi, kupuma, china. Onse atatu anasendera pafupi.

"Mwakanda bokosi langa," anatero mzimayi wa m'makina uja, mosakwiya.

Azakhali anaseka mpaka kugwira chitseko. Chisamba anayang'ana nsapato zake.

Chala chinapitiriza. "Sindichoka pano. Mzime asasiye ntchito. Ine ndi bambo anu tinakambirana kalekale. Mayi amene amabwera m'mawa kudzandisambitsa..."

"Amabwera mayi?" anafunsa Chisamba. "Mayi wake uti? Amayi, zimenezo zinkatheka bambo alipo. Panopa mukagwa usiku ndani akumveni? Ine ndikungofuna kuti..."

Chala chinachoka pa zilembo n'kupita pakona ya kiyibodi, pa batani limodzi lopakidwa polishi yofiira ya zikhadabo.

"Dikirani, sindinamalize," anatero makinawo.

Mzime ankalidziwa batani limenelo. Bambo ake ndi amene analikonza, mwezi woyamba weniweni wa laputopuyo, atazindikira kuti mkazi wawo akalemba mawu awiri, iwo amakhala atamaliza kale chiganizo chonse, molakwika. Polishi anakagula okha. Batanilo likalira, ankakhala pansi n'kupanikiza manja pakati pa maondo ngati mwana wolangidwa, milomo ikuchita kugwedera. Anaipaka kangapo polishiyo. Pakati inali itathanso, pulasitiki ikuonekera.

"Koma amayi, tamverani..."

"Dikirani, sindinamalize."

Chisamba anatseka pakamwa. Anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala, ndipo anaona kampando ka bambo ake pansi pa shelefu ya mabotolo. Atakhalapo anatsika kuposa mmene ankayembekezera, maondo n'kukwera m'mwamba. Miyendo ya kampandoko inali itadulidwa ndi sowo. Atatukula mutu, maso ake anali pa mzere umodzi ndi maso a amayi ake.

Makiyi a galimoto anawaika pa shelefu. Manja anasowa pokhala, ndiye anawapanikiza pakati pa maondo. Kafani kankalirabe m'bokosi, ndipo chala cha amayi chinabwerera pa zilembo.