Mankhwala Opanda Botolo

A Dailesi a ku Nsanama anabereka ana asanu ndi anayi, ndipo thupi lawo linawathokoza motere: akayetsemula, mkodzo, akatsokomola, mkodzo, akaseka, ndiye osanena. Amuna awo, a Bizwick, telala wa pakhonde la sitolo, amene pa ana onsewo ntchito yawo inali kusankha mayina basi, ankayetsemula paliponse pamene afunira, pamsika, m'tchalitchi, ali gwa ngati chikuni cha m'chilimwe.

Masiku amenewo, chaka cha 1952, galimoto yopita ku Balaka inali imodzi yokha, lole ya mmwenye wa sitolo, dalaivala wake Che Uladi. Tsiku lina a Dailesi anaikwera pochokera ku Liwonde, nakhala pa thumba la mchere. Lole inagwa m'dzenje, fumbi linalowa m'mphuno, ndipo mcherewo unafika ku Nsanama uli wonyowa mbali imodzi. Che Uladi analumbira pamaso pa anthu kuti mayi ameneyu sadzakweranso, ngakhale atabwera ndi kalata ya Bwanamkubwa. Mwezi wathunthu anthu ankati akalawa ndiwo n'kumafunsana kuti, "Mcherewu ndi wa mbali iti?"

Kenaka kunabwera kalata. Ida, mwana wawo woyamba, wokwatiwa ndi kalaliki wa pa siteshoni ya njanji ku Balaka, anali ndi pakati, kutatsala miyezi itatu. Mwamuna wake anakana kumutumiza kumudzi, ati akachirira kuchipatala. Kumapeto kwa kalatayo kunali mawu awiri okha: amayi abwere.

A Bizwick anapinda kalata bwinobwino. "Tituma achemwali anga, a Modester."

"Mwati ndani?"

"A Modester. Ndi munthu woyenda bwino."

"Mwana wa mbumba yanga akamusambitse a Modester? Aja anagoneka khanda lawo m'dengu la nandolo n'kumalifuna tsiku lonse?"

"Nanga mukwera chiyani, amake Ida? Lole anakuletsani. Njinga yanga ndi yatsopano, kaliyala wake sachedwa kuchita dzimbiri."

"Dzimbiri! Ana naini, bambo a Ida, inu mukuopa dzimbiri?"

Anakangana mpaka nkhuku zinasamukira kwa eni ena. Pomaliza a Bizwick anati chabwino, apita okha ku chipatala cha mishoni kukatenga mankhwala, chifukwa nkhani zotere zimafuna munthu amene anafika Sitandade yachitatu. Wodwala anatsala pakhomo, wopanda vuto n'kupalasa njinga kukaonana ndi adokotala. Ndi mmene zinthu zinkayendera, ndipo palibe amene anaona chodabwitsa.

Anabwerako dzuwa litapendeka, ali chimanjamanja.

"Botolo lili kuti?" anafunsa a Dailesi.

"Kulibe botolo."

"Jakisoni?"

"Jakisoni ndikanabwera naye bwanji, m'thako mwanga? Mankhwala ake ndabwera nawo m'thupi. Mzamba wa kumeneko, a Nelia, anakakamira kuti mupite nokha, koma ine ndinati phunzitsani ine, mutu wanga sutaya kanthu. Akuti ndi zolimbitsa thupi. Penyani."

A Bizwick anaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno. Anakweza nsidze mpaka zinatsala pang'ono kulowa m'tsitsi, anatupitsa masaya, mapewa anafika m'makutu, maso anatong'oka ngati a chule wopondedwa. Anakhala choncho osapuma, kenaka anatulutsa mpweya kuti fuu.

"Mwaona?"

"Ndaona munthu wotsamwa fupa la mlamba."

"Ndi momwemo. Katatu pa tsiku."

Milungu iwiri a Dailesi anakweza nsidze kuseri kwa nkhokwe, m'mawa, masana ndi madzulo. Galu wawo anasiya kubwera akamuitana. Mayi wina wodutsa anawapeza ali mkati mwa mankhwala, nathamangira kukaitana anthu kuti a Dailesi agwidwa ndi mizimu. Chimene anapindula ndi mutu wowawa, ndipo akamagwira mpweya chotero, zimene ankafuna kuletsazo zinkatuluka mowirikiza.

Lolemba lina anadzuka m'mamawa, namanga nsalu ziwiri zapadera m'kathumba, nauyamba wapansi. Sanatsanzike. Njira ya ku mishoni inali ya maola anayi kwa munthu wamba, koma iwo anayenda asanu ndi limodzi, popeza chitsamba chilichonse chachikulu chinkafuna kupatsidwa moni.

A Nelia anali mayi wamfupi, wonenepa, wa mawu ngati belu. Atamva kuti awa ndi akazi a telala uja, anatseka chitseko. "Tandionetsani zimene anakuphunzitsani."

A Dailesi anakweza nsidze, natupitsa masaya.

A Nelia anaseka mpaka anagwira mwendo wa bedi. Anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Mayi, mukanandiseketsa chonchi zaka ziwiri zapitazo, bwenzi pano ndikukasintha diresi."

"Nanunso?"

"Ana sikisi. Mukuganiza kuti asisitere ataphunzitsa zimenezi ndinayamba kuyesera pa ndani? Khalani pansi. Izi si ufiti, si tsempho, si uve. Kunsi kwa mimba kuli minofu yonga nsalu yoberekera mwana. Imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Yanuyo ana naini ayikoka, yalefuka. Koma mnofu ndi mnofu, ukaugwiritsa ntchito umalimba. Tsopano yerekezani kuti mwagwada, mukupereka madzi kwa apongozi anu aamuna, ndiye mpweya wa nyemba zadzulo ukufuna kutuluka. Mumatani?"

"Ndimathawa."

"Palibe kothawira, ansembe aima pakhomo."

"Ndiye ndimamanga."

"Mangani. Eya. Tsopano kokerani m'mwamba, kutsogolonso, ngati mukufuna kudula mkodzo pakati. Pumani, mayi, pumani! Mimba isalimbe, matako asathandize, nkhope isadziwe kanthu."

A Dailesi anamva kanthu kakang'ono kakusuntha mkati, kofooka ngati mwana wa mbewa. Anagwira mpaka kuwerenga katatu, kenaka kanathawa.

"Ndi komweko," anatero a Nelia. "Lero mwagwira mpaka kuwerenga katatu, mwezi wamawa mudzafika khumi. Mukamanga, muzimasulanso kwathunthu. Kakhumi m'mawa, kakhumi masana, kakhumi madzulo. Mukamva kuyetsemula kukubwera, kapena mukamasenza mtsuko, yambani mwamanga. Madzi musasiye kumwa. Ndipo musayembekeze za mawa, zimatenga miyezi."

"Nanga amuna anga simunawauze chonchi?"

"Ndinawauza zomwezi, za apongozi zomwe. Anandiyankha kuti iwo chibadwire sanabwezepo mpweya, amangomasula."

Ubwino wa mankhwalawa unali woti sankaoneka. A Dailesi ankawamwa posinja, popalira, m'tchalitchi ulaliki uli mkati, ngakhale pomvetsera a Bizwick akufotokozera makasitomala mmene anachiritsira akazi awo. Koma tsiku lina kuchitsime a Modester anawaona ataima chilili, maso ali patali, milomo ikuwerenga.

"Alamu, mukupemphera?"

A Dailesi anali atatopa ndi manyazi. Anafotokoza zonse, mokweza, pamaso pa amayi onse amene anali pamzere. Kenaka mayi wina anati, "Tabwerezani pa apongozipo." Wina anatula ndowa. A Modester anayang'ana uku ndi uku nanong'ona kuti, "Ine ulendo wa ku Balaka ndikuuopa kuposa inu. Chiyambire kubadwa kwa mapasa aja, sinditsokomola ndili chiimire."

Pa amayi khumi ndi mmodzi amene anali pamenepo, asanu ndi awiri anali ndi vuto lomwelo.

"Ndiye za mchere zija munkasekeranji?" anakalipa a Dailesi.

"Kuti asatiganizire ifeyo."

"Munkaseka bwanji, poti kuseka n'koopsa?"

"Titapingasa miyendo."

Kuyambira tsiku limenelo kuchitsime kunachepa miseche. Munthu ankapeza amayi ataima duu ngati asirikali a ku Zomba, aliyense akuwerenga zake.

Miyezi iwiri ndi theka itatha, a Dailesi akamanga ankawerenga mpaka kufika pa khumi. Anayetsemula kawiri pamsika osathawira kunyumba. Lachinayi, tsiku la lole, anamanga katundu wawo, ufa, nkhuku ndi nsalu za khanda, napita kusitolo. Lole inali itadzaza mabelo a thonje opita ku sitima, apaulendo ena atakwera kale.

Che Uladi atawaona anatambasula manja. "Iyayi, mayi. Walahi, ine ndinalumbira. Mchere unachita kuuma, koma thonje limamwa."

"Ndachira, Che Uladi."

"Botolo lake lili kuti?"

A Dailesi anangotembenuka. Kuseri kwa sitolo kunatuluka amayi asanu ndi awiri aja, a Modester patsogolo. Anakwera lole mmodzimmodzi, aliyense nasankha belo lake, nakhala bwinobwino.

"Ife sitikupita kulikonse," anatero a Modester. "Tangobwera kudzacheza. Tonsefe tili ndi vuto la alamu angawa, koma ife tinayamba mankhwala mochedwa. Ine ndili ndi chimfine. Awa abwera ndi fodya wam'mphuno. Awo ali ndi nkhani yoseketsa ya mmene inu munagwera m'khola la nkhumba pothawa njuchi. Ayambe?"

Che Uladi anayang'ana thonje, nayang'ana amayiwo. Wa fodya uja anatsegula kabotolo kake.

"Tsikani! Tsikani, amayi anga, chonde! Akwere. Koma akhale kumbuyo kwenikweni, pa thabwa, ndipo sindiima paliponse mpaka ku Balaka. Sitima sidikira."

A Bizwick, amene anati ayenera kuperekeza wodwala wawo, anakhala kutsogolo pampando wofewa.

Msewu wa ku Liwonde a Dailesi anauyenda dzenje ndi dzenje. Akaona mitu ya anthu akutsogolo yadumpha, iwo n'kumanga, lole n'kugwa, iwo n'kumasula. Fumbi linalowa m'mphuno. Anamanga, nayetsemula, ndipo anthu onse m'lolemo anatembenuka kuyang'ana thabwa. Linali louma. Bambo wina wa chipewa anaoneka wokhumudwa.

Koma ku Liwonde kunali Shire, ndipo mlatho kunalibe. Lole inakwera pantoni, chibwato chamatabwa chowolotsa magalimoto, amuna n'kuyamba kuchikoka pang'onopang'ono. Madzi kumanja, madzi kumanzere, madzi pansi pa matabwa akungoti khwava, khwava, ngati akuitana abale awo. A Dailesi anatseka maso. Chikhodzodzo chinali chodzaza kuyambira ku Nsanama. Chapatali mvuu zinatulutsa mitu, koma palibe amene anaziyang'ana. Onse maso anali pa a Dailesi.

Ali pakati pa mtsinje, a Bizwick anatulutsa mutu pawindo. "Amake Ida! Musaiwale zimene ndinakuphunzitsani! Chonchi!" Anakweza nsidze, natupitsa masaya, maso tong'o, pamaso pa anthu onse ndi mvuu zomwe.

Pa zoopsa zonse za ulendowo, ichi ndicho a Dailesi sanachikonzekere. Kuseka kunayambira m'mimba. Anamanga. Kunakwera pachifuwa. Anamangitsitsa, akuwerenga, koma atafika pa sikisi kunaphulika. Anaseka, okoka pantoni anaseka, bambo wa chipewa anaseka mpaka chipewa chinagwera mu Shire. Timadontho tiwiri tinathawa, n'zoona. Koma tinathera m'nsalu ya mwini wake, ndipo imeneyo si nkhani ya munthu wina aliyense.

Atafika tsidya, Che Uladi anazungulira kumbuyo. "Tasunthani pang'ono, mayi." Anasisita thabwa ndi dzanja ngati munthu wogula nsalu, naliyang'ana chopendekera padzuwa. "Pouma," analengeza, mawu ali otsika. Anathamangira kukaliza injini.

"Dikirani," anatero a Dailesi.

"Mayi, ndinati sindiima! Sitima!"

"Ine ndadikira kuchokera ku Nsanama. Nayonso iphunzire."

Anatsika mosapupuluma. Sanathamange. Zaka khumi anali akuthamangira tchire ngati wothamangitsidwa ndi njati, koma lero anayenda ngati mkazi wa kalaliki wa boma popita kutchalitchi. Chitsamba choyamba anachikana, chinalibe mthunzi. Chachiwiri chinali ndi linthumbu. Analowa chachitatu. Amayi ena atatu a m'lolemo, amene anali chete njira yonse milomo italumidwa, anatsika nawatsatira. Che Uladi analiza hutala kamodzi, kenaka anazimitsa injini.

Pobwerako a Dailesi anadutsa thabwa lawo lija, nakwera pamwamba pa belo la thonje loyera kuposa onse, nayika nkhuku pamiyendo.

"Tiyeni, Che Uladi. Mwana wanga akundidikira."