Mpweya Wozizira wa Kagalimoto Kofiira

Moni, inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndikuyamika Mulungu chifukwa cha mpweya umene tikupuma inu ndi ine lero, umene sitinaugule ndiponso sitinaupemphe. Kale sindinkaganizako zoyamika chifukwa cha mpweya. Ndinaphunzira zimenezi m'galaja, manja anga ali mafuta okhaokha.

Ine ndine telala. Za galimoto ndimangodziwa kukwera ndi kutsika. Koma mng'ono wanga, amene tinkamutchula kuti Kamphepo chifukwa sankakhazikika pamodzi, anali ndi kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kaliwiro, kotsika kwambiri moti polowamo unkachita kuwerama ngati ukulapa machimo. Madzulo alionse mkazi wake, mlamu wanga, ankamva kulira kwake kadakali kumapeto kwa msewu, n'kuyamba kutereka madzi a tiyi.

Mapapo a Kamphepo atayamba kuvuta, anamugoneka m'chipatala, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno. Adokotala anatiitanira pakhonde ine ndi mlamu, n'kutiuza kuti tisawerengere miyezi koma masiku. Mwini wake sanauzidwe, koma ankadziwa.

Tsiku lina ndinamupeza akuyang'ana zithunzi pafoni.

"Achimwene, khalani apa muphunzire," anatero. "Galimoto yanga imapumira m'kabokosi kakuda kamene inabwera nako. Kamayipanikiza pakhosi. Ndikufuna kuyigulira paipi yopumira yatsopano."

"Iwe, munthu uli pabedi ukuganiza zoti galimoto ipume?"

"Wina pakati pa ine ndi iyo apumeko bwino."

Mlamu anatembenukira kukhoma n'kuyamba kupinda thaulo limene linali lopindidwa kale.

Kamphepo anandionetsa mapaipi awiri. Ankalankhula modukizadukiza, akupumira pakati. Yoyamba inali yaifupi, yothera pafupi ndi injini. Anati imeneyo siivuta kuika ndipo imasokosa kwambiri, koma imakoka mpweya wotentha wa m'boneti. Yachiwiri inali yaitali, yotsikira kuseri kwa bampala, kumene mpweya umakhala wozizira. Imeneyo imapatsa injini mphamvu, koma ukalowa nayo m'chithaphwi chakuya imamwa madzi, injini n'kufa.

"Tengani yaifupiyo basi," anatero mlamu osatembenuka. "Inu ndi zithaphwi mumakondana."

"Amayi, funsani munthu amene akupumira m'paipi. Mpweya wozizira ulibe mnzake," Kamphepo anayankha mkazi wake. Kenako anandigwira dzanja. "Achimwene, yaitaliyo. Mukaikitse kwa amakaniko anga aja. Mukajambule kulira kwake pafoni, mudzandimvetse pano. Sindikupempha kuyendetsa ayi. Ndingomva."

Ndinalonjeza. Tinapemphera, ndipo iye ananena ameni mofulumira, n'kundikumbutsa kuti ndisaiwale makiyi.

Katundu anafika patapita masiku anayi, ndipo pa masiku anayiwo mawu a Kamphepo anali atachepa ngati ulusi wa nsalu yakale. M'mawa wa Lachinayi ndinanyamula bokosilo kupita nalo kugalaja, kumene amakaniko anali atakokera kale kagalimoto kaja. Anali bambo wadazi, wa mawu aakulu, amene ankakonza galimotoyo kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Atelala, mwabwera kudzaisokera diresi?"

"Ndabwera kudzakuonererani, kuti musadule molakwika."

"Ndiye gwirani tochi, musagwire china."

Anamasula waya wa batire kaye. Anachotsa kabokosi kakuda kaja n'kukaponya pakona. Kenako anatulutsa kachipangizo kakang'ono ngati chala, n'kukanyamula mosamala ngati khanda.

"Aka ndi sensa," anatero. "Kamayeza mpweya wolowa, n'kuuza injini mafuta oti imwe. Kakadetsedwa, galimoto imasokonezeka mutu."

Anakamanga pa paipi yatsopano, anachotsa teyala lakutsogolo, n'kulowetsa paipiyo pansi kuseri kwa bampala. Inatsala sefa yokha, yotchinga fumbi, yoti ikakhale kumapeto kwake. Nthawi inali itakwana ya nkhomaliro, ndipo amakaniko anasamba m'manja n'kutuluka.

Ndinatsala ndekha ndi sefa ija. Inali ya nsalu yofiirira, yopindapinda mwaluso kuposa siketi iliyonse imene ndinasokapo. M'bokosi munalinso kabotolo ka mafuta ofiira. Tsono kwa telala, chinthu chikabwera ndi kabotolo ka mafuta, ndiye kuti chikufuna mafuta. Zaka makumi atatu sindinapondepo makina anga m'mawa ndisanawadonthezere. Komanso mtima wanga unkafuna kuti pa ntchito imeneyi pakhale china chimene ndachita ndi manja anga, osati kungogwira tochi. Ndinatsegula kabotolo. Ndinadzoza mpindo uliwonse, ndikung'ung'udza nyimbo imene mayi athu ankatiimbira tikadwala, ndikupempha kuti Iye amene anauzira mpweya m'dothi akumbukire mphwanga. Kabotolo kanatha. Sefa inkanyezimira.

Amakaniko atabwera sanayang'anitsitse. Anamanga sefa, anabwezera teyala ndi waya wa batire, n'kuliza injini. Inalira bwino kamphindi. Ataponda mafuta kangapo inayamba kutsokomola, galimoto yonse n'kumanjenjemera, kagetsi kachikasu n'kuyaka kutsogolo kwa chiwongolero. Kenako inazima.

Anagwada, anapisa dzanja kuseri kwa bampala, n'kulitulutsa lili psuu.

"Atelala, kabotolo kaja kali kuti?"

Ndinawaonetsa kopanda kanthu.

"Mayo ine! Sefa imeneyi imabwera yothira kale mafuta. Kabotoloko n'kodzathira mukaichapa chaka chamawa, madontho ochepa chabe. Mafuta anuwa akokedwa ndi mpweya, amata sensa."

"Pukutani, bambo. Nthawi yoona odwala ndi faifi koloko."

"Sensa nditsuka pompano. Koma sefayi ndiyenera kuichapa, iume yokha. Ndikaiumitsa ndi moto kapena mpweya wamphamvu nsaluyi ing'ambika, inu mukudziwa za nsalu. Ndikaliza yopanda sefa m'fumbi lino, mng'ono wanu andizenga mlandu. Mawa m'mawa." Mawu awo aakulu aja anatsika. "Pepani. Nanenso ndinayenera kuyang'ana."

Ndinapita kuchipatala chimanjamanja. M'njira yonse ndinkakonza bodza lakuti katundu anabwera wosakwana, koma nditaona maso ake akuyang'ana thumba langa la malaya, mmene munali foni, ndinanena zoona.

Kamphepo anaseka mpaka namwino anabwera kudzatikalipira.

"Mwaidzoza ngati mfumu," ananong'ona. "Achimwene, mukanakhala dokotala wanga bwenzi mutandithira mafuta a makina m'mphunomu."

"Ndikhululukire, mphwanga."

"Mawa si kutali. Mukajambule amakaniko akuponda kwambiri. Asachite ulemu."

M'mawa mwake ndinafika kugalaja chitseko chisanatsegulidwe. Sefa inali itauma. Amakaniko anaidonthezera mafuta pang'ono okha, anamanga zonse, n'kuliza. Abale, ine sindidziwa za galimoto, koma ndimadziwa mawu abwino, pakuti ndaimba besi m'kwaya kuyambira ndili mnyamata. Injini ija inakoka mpweya mozama, n'kutulutsa mawu ochokera pansi pa chifuwa, oyera, opanda chopinga. Ndinayatsa foni n'kuiyandikiza. Amakaniko anaponda osachita ulemu.

Kujambulako kunaduka foni itayamba kuitana m'manja mwanga. Anali mlamu. Sananene zambiri. Anangoti, "Alamu, musathamange."

Ndinakhala pansi pa simenti ya mafutayo. Amakaniko anazimitsa injini, n'kuvula chipewa chimene anali atavala m'mawawo.

Usiku umodzi wokha ndi umene unasowa, ndipo ndinaudya ndine ndi kabotolo kanga. Abusa anandiuza kuti masiku a munthu sawerengedwa ndi telala. Ndikukhulupirira zimenezo. Koma m'mawa uliwonse ndikatenga mafuta a makina, ndimawerenga dontho lililonse.

Patapita milungu itatu maliro atachitika, amakaniko anabweretsa galimoto kunyumba, ine ndili pambali pawo. Ndinkati mwina mlamu akamva mawu amene mwamuna wake anawalakalaka, mtima wake upepukako, ndi wanga womwe. Tinalowa mumsewu wa kwa mlamu madzulo, injini ikubangula bwino. Tinaima pageti, koma palibe anatuluka. Mlamu ndinamupeza kukhitchini atakhala pampando, ketulo ili yozizira.

"Alamu, simunatimve?"

"Ndinamva galimoto," anatero. "Ndimayesa ya alendo a nyumba inayo." Anatuluka, n'kuima patsogolo pake injini ikulirabe. Anamvetsera nthawi yaitali. "Ndi mawu abwino. Akanawakonda. Koma ine sindikuwadziwa, alamu. Amuna anga sanabwerepo pakhomo pano ndi mawu amenewa." Anapukuta maso ndi nsonga ya chala. "Kabokosi kakale kaja munataya?"

Amakaniko anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

"Kali pakona, mayi," anatero. "Sinditaya zinthu za makasitomala."

Tsiku lotsatira tinamasula paipi yaitali ija n'kubwezera kabokosi kakuda. Ine ndinagwira tochi, sindinagwire china. Madzulo tinalowanso mumsewu uja, galimoto ikulira motsamwa monga kale. Tisanafike n'komwe, ndinaona geti lili lotsegula. Mlamu anali ataima pakhomo, akulira mosabisa, ndipo kukhitchini ketulo inali itayamba kale kuwira.

Paipi ndi sefa zili m'bokosi pansi pa tebulo langa lodulira nsalu. Kujambula kuja kuli m'foni, masekondi khumi ndi anayi. Sindinakumvetsere mpaka kumapeto, chifukwa ndikudziwa chimene chinakudula.

Inu amene mwakhala nane mpaka pano, Ambuye akupatseni mpweya wozizira m'chifuwa mwanu. Akufulumizitseni mapazi pamene wina akukudikirani, ndipo pamene chikondi chanu chalakwitsa muyezo, akuchitireni chifundo. Amene mumawakonda azifika pakhomo panu madzulo ndi mawu amene mumawadziwa. Ameni.