Bambo a Diem ndi nambala eyiti

Amuna anga, a Khoi, akhala akuyendetsa njinga yamoto kuyambira tisanakwatirane, koma laisensi analibe. Ndikawakumbutsa ankangoseka, nkunena kuti laisensi ndi ya ana ongophunzira kumene. Akaona apolisi patsogolo ankakhotera m'tinjira ta m'mbali mwa ngalande, nkufika kunyumba akudzitama.

Ine ndimaphika mpunga womata wa mtedza ndi wa nyemba, ndipo iwo ndi amene amaunyamula m'mawa kukasiya kwa ogulitsa. Chaka chatha mkulu wa kantini ya fakitale ina ya nsapato kuno ku Can Tho analawa mpunga wanga nkuukonda. Anandiuza kuti ndiziperekera antchito awo m'mawa uliwonse. Unali mwayi womwe ndinali ndisanaupezepo. Koma panali lamulo limodzi: aliyense wolowa pa geti ndi njinga yamoto ayenera kuonetsa laisensi. Mlonda anawabweza a Khoi tsiku loyamba lomwelo, mpunga uli pa njinga.

Ndinayamba kulipira wa kabaza wina wa laisensi kuti azinyamula mabasiketi. Phindu lonse linkathera kwa iyeyo. Apo mpamene a Khoi anavomera kukalembetsa kusukulu yophunzitsa kuyendetsa. Tinalipira zonse pamodzi: maphunziro, kuyezetsa maso ndi thupi, zithunzi, ndi mayeso enieniwo. Ndalamazo zinandipweteka, koma ndinati bola zithe.

Mayeso a malamulo a pamsewu anakhoza, chifukwa mwana wathu Diem, yemwe ali kukoleji ku Saigon, ankawafunsa mafunso pa foni mpaka kuwatopetsa. Koma maphunziro okwera njinga pabwalo sanapiteko ngakhale kamodzi, chonsecho tinali titalipira kale. Anati sangaphunzitsidwe kukwera njinga ndi munthu yemwe anabadwa iwo akuyendetsa kale.

Tsiku la mayeso ndinawaperekeza. Pabwalopo pali nambala eyiti yaikulu yojambulidwa pansi ndi penti yoyera, ndipo munthu amayenera kuyenda m'kati mwa mizere yake osaiponda, osatsitsa phazi. Atsikana a msinkhu wa Diem ankaizungulira pang'onopang'ono nkudutsa. A Khoi analowa ndi liwiro ngati akuthawa mvula. Anaponda mzere, anapondanso wina, anatsitsa phazi, kenaka njinga inazima. Chimkuzamawu chinalengeza kuti alephera, bwalo lonse likumva.

Anatuluka akunena kuti njinga ya mayesoyo ndi yakufa ndipo mizere anaijambula mopanikiza dala. Tinakhala pa kamalo kogulitsa khofi kunja kwa mpanda. Posakhalitsa kunabwera bambo wina wovala malaya osita bwino, nkukhala pa benchi yathu ngati timadziwana. Anali dobadoba. Anawauza a Khoi kuti munthu akalephera amalipiranso maphunziro onse kuyambira pachiyambi, ndipo amadikira miyezi. Iye anati ali ndi anthu ake m'kati, atha kutulutsa laisensi popanda mayeso, tingomupatsa madong mamiliyoni atatu, ndalama za kwathu kuno. Zinali zoposa kutali zomwe tinalipira kusukulu.

Kunyumba a Khoi anayamba kuzungulira chitini chomwe ndimasungamo ndalama zogulira poto wamkulu.

"Mayi a Diem, ganizani bwino. Tikalipiranso sukulu, kuonjezera wa kabaza miyezi yonseyo, si zomwezo?"

"Chitinicho musachikhudze," ndinawauza. "Munalephera nokha pamaso pa anthu, ndiye mukufuna poto wanga alipire?"

Tinakangana mpaka mayi Lua, oyandikana nafe omwe amagulitsa nsalu kumsika, anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati kwagwa zovuta. Nditawafotokozera anaseka. Anati iwonso nambala eyiti inawagwetsa chaka chapitacho, ndipo sanalipirenso maphunziro ayi.

"Achimwene, munthu wa pa benchi uja amadyera mantha anu," anatero. "Bwanji osakafunsa pa windo la ofesi? Kufunsa salipira."

M'mawa mwake, nditamaliza kuphika, ndinawakoka a Khoi mpaka ku ofesi ya pabwalo lija. Mayi amene tinamupeza pa windo anatifotokozera modekha. Anati mayeso amene munthu wakhoza amasungidwa kwa nthawi ndithu, choncho a Khoi sayenera kulembanso za malamulo. Abwereze okwera njinga okhawo. Alembetse, adikire masiku owerengeka mpaka tsiku lina la mayeso, ndipo alipire kandalama ka gawo lokhalo, kamene kanali kochepa kuposa zomwe ndinkapatsa wa kabaza pa masiku awiri. Anatipatsa lisiti ya chidindo nkutiuza kuti ndalama iliyonse yopanda lisiti si ya ofesi. Za dobadoba anati laisensi zakezo sizipezeka m'kaundula wa boma. Wapolisi akangoyang'ana pa foni yake amazizindikira, ndipo mwiniwake amalipitsidwa chindapusa, njinga kulandidwa, mwinanso kuletsedwa kuyesanso kwa nthawi yaitali. Pomaliza anawalangiza a Khoi kuti abwere adzayeserere pabwalo ndi njinga yomweyo ya mayeso, popeza maphunziro awo anali atalipiridwa kale.

Ndinatuluka mtima uli m'malo. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Koma a Khoi anamva zonse kupatula mawu omalizawo. Anati tsopano bwalolo akulidziwa, tsiku lija anangodzidzimuka. M'malo mopita kukayeserera, ankakhala ndi anzawo pa khofi kuwafotokozera mmene njinga ya mayeso inawalakwira.

Ulendo wachiwiri sanathe ngakhale kuponda mzere. Analowera nambala eyiti mbali yolakwika, ndipo chimkuzamawu chinawatulutsa asanakhote nkomwe. Ndinaona dobadoba uja ataima pa mpanda akumwetulira. Ndinakwera basi ndekha kubwerera kunyumba.

Tsiku lomwelo mkulu wa kantini anandiimbira. Wa kabaza anali atachedwa kawiri sabata imeneyo, antchito nkuyamba ntchito osadya. Anati mwezi ukatha zinthu zisanasinthe, apeza wina wophika.

A Khoi atafika ndinawaikira chakudya, nkukhala moyang'anana nawo.

"Bambo a Diem, ine ndimadzuka tambala asanalire kuti mpunga upse. Manja angawa ndi zipsera zokhazokha. Kantini ikandichotsa, sichikhala chifukwa cha mpunga wanga. Chikhala chifukwa inu mukuchita manyazi kuphunzitsidwa ndi mwana."

Anadya pang'ono, nkukakhala pakhonde nthawi yaitali. Mawa lake ndinawaona akutenga helemeti, ndipo sindinawafunse kumene akupita.

Mphunzitsi wa pabwalo, a Thuc, analidi wamng'ono kwa iwo, koma ankadziwa ntchito yake. Anawauza kuti vuto lawo ndi kuzolowera msewu waukulu. Pa nambala eyiti munthu amaika giya imodzi nkuisiya, moto pang'ono osasinthasintha, maso patsogolo pomwe akukhotera osati pa tayala. Anawayendetsa wapansi kutsatira mivi kuti adziwe polowera ndi potulukira. A Khoi ankabwera madzulo akudandaula msana, akuti kuyenda pang'onopang'ono nkovuta kuposa kuthamanga. Ndinawapeza tsiku lina atajambula nambala eyiti ndi makala kuseri kwa nyumba, akuzungulira, mayi Lua ali pa mpanda kuwawerengera zolakwa mosangalala kwambiri.

Ulendo wachitatu ndinakana kuwaperekeza. Ndinati mtima wanga watopa ndi chimkuzamawu chija. Ndinali kutsuka mapoto pamene foni inalira. Anali Diem, akuseka, akuti bambo ake amutumizira chithunzi cha pepala la zotsatira. Anaponda mzere kamodzi kokha, zina zonse anadutsa bwino. Iwo eni atafika anangoti mayesowo si ovuta kwenikweni munthu akakhala ndi luso. Ndinawayang'ana, nkupitiriza kutsuka.

Laisensi inatuluka mwezi usanathe. Tsopano a Khoi ndi amene amalowetsa mpunga pa geti ya fakitale, ndipo sanachedwepo. Kantini yandionjezera mabasiketi awiri.

Tikanafunsa msanga ndi kumvera zonse zomwe tinauzidwa, sitikanataya mwezi wathunthu tikukangana. Choncho kwa inu amene mukufuna laisensi ya njinga yamoto ndikuti: musanalipire, funsani kuti ndalamayo ikuphatikiza chiyani, ndipo maphunziro amene mwalipira pitani mukaphunzire, ngakhale mwayendetsa zaka zambiri. Mukalephera, pitani pa windo la ofesi mukafunse gawo loti mubwereze, tsiku lake ndi mtengo wake, chifukwa malamulo ndi mitengo zimasintha. Landirani lisiti pa ndalama iliyonse, ndipo munthu wokulonjezani laisensi popanda mayeso musamupatse kanthu. Kulephera mayeso kumakonzeka ndi ndalama zochepa ndi kuyeserera. Laisensi yachinyengo ingakulanditseni njinga yomwe imadyetsa banja lanu.