Masipuling'i a Malemu Mwamuna Wanga

Kwa masabata atatu a Arcesio Buitrago anali ndi masipuling'i anga anayi, ndipo ndikawafunsa yankho linali limodzi: mawa, comadre. Sindinkafuna ndalama zawo kapena chipepeso chawo. Ndinkafuna zitsulo zimene anachotsa kunsi kwa jipi ya malemu mwamuna wanga, basi.

Munthuyu si mlendo ayi. Ndi amene ananyamula mwana wanga Wilmer pa ubatizo, n'chifukwa chake timaitanana compadre ndi comadre. Ali ndi galaja kuseri kwa msika, ndipo jipi zonse zotsitsa khofi m'mapiri muno zimadutsa m'manja mwawo.

Jipi yathu a Gonzaga, bambo ake a Wilmer, anaiyendetsa zaka makumi awiri ndi zisanu osaigonekapo pansi. Matumba a khofi padenga, mikoko ya nthochi m'mbali, anthu asanu ndi mmodzi ataimirira kumbuyo atagwirira chitsulo. Kuno timapakira choncho. Atamwalira, makiyi ndinapatsa Wilmer.

Mvula ya mu Epulo inakumba msewu wathu, ndiye jipi inayamba kugunditsa mimba pamiyala. Tsiku lina mwanayo anati akukasinthitsa oyilo. Anabwera nayo itatalika chikhato chathunthu, matayala ake ngati a thirakitala. Kuti ndikwere ndinachita kukwinya siketi pamaso pa anthu.

"Waitani galimoto ya bambo ako?"

"Amayi, anzanga onse akweza zawo. Panopa sikhudzanso miyala."

"Nanga masipuling'i akale aja?"

"Atsala kugalaja."

Loweruka lotsatira tinatsikira kumsika. Wilmer anapakira monga ankapakirira bambo ake, matumba khumi padenga. Ine ndinali kutsogolo, dengu la mazira pamiyendo. Tisanafike patali ndinamva kuti galimoto ikudzandira ngati munthu wochokera kumowa. Pali pena pokhota pamene panaikidwa mtanda, phiri kumanja, phompho kumanzere. Aliyense woimirira kumbuyo amadziwa kuti pamenepo umatsamira kuphiri kuti galimoto isapendekere kuphompho. Anthu anatsamira monga mwa masiku onse. Sizinathandize. Matayala a kuphiri ananyamuka pang'onopang'ono, anthu a kumbuyo aja n'kudumpha, ife awiri n'kupita nayo. Zinatigwira ndi nsungwi za m'mphepete mwa msewu. Pakanapanda nsungwizo bwenzi pamalopo pali mitanda itatu.

Wilmer anathyoka mkono, anamuika chikhakha. Ine ndinatuluka ndi mazira mpaka m'makutu. Khofi wa matumba anayi anamwazikira kumtsinje. Jipi tinaikoka ndi ng'ombe, ndipo inangophwanyika galasi, moti mwanayo anayamba kunena kuti chikhakha chikachoka aiyendetsanso momwemo, azingokhota mofatsa. Apo m'pamene tulo tinandithera, ndipo ndinatsimikiza kuti masipuling'i akale abwerere pamalo pake.

Ulendo woyamba kugalaja a Arcesio anati, "Chimene makaniko wachotsa ndi cha makaniko, comadre, mwambo wake ndi umenewo." Wachiwiri anati anagulitsa kwa osula zikwanje. Wachitatu anati mwina zili pamulu wa zitsulo, afufuza mawa. Sukulu ndinalekera kalasi yachiwiri, koma chinthu chimodzi sichingakhale malo atatu.

Loweruka lachitatu ndinawapeza pabwalo la tawuni pamene jipi zimandanda kudikira anthu. Anali ndi madalaivala anzawo, aliyense kakapu ka khofi m'manja, chifukwa a Arcesio nawonso ali ndi jipi yawo yonyamula anthu masiku a msika.

"Doña Herlinda afika, bisani mazira," anatero dalaivala wina, Ancízar, atandiona, onse n'kuseka.

"Iwe seka ukamaliza kulipira mano ako ogulawo. Compadre, masipuling'i anga."

"Comadre, pano si pagalaja."

"Kugalaja mumandiuza mawa. Mwina pano muli ndi lero."

Anaika kapu pansi. "Tiyeni tinene zoona pamaso pa anthu. Ntchito yanga inalibe vuto. Mwana wanu ndiye anachulutsa katundu padenga."

"Matumba khumi. A Gonzaga ankaika khumi ndi awiri, inu mukuwathandiza kumanga chingwe."

"Galimoto yokwezedwa imafuna woidziwa."

"Munamuuza zimenezo pomupatsa makiyi?"

Pafupi panali thumba la khofi la munthu wina ndi kireti ya mabotolo. Ndinauza a Arcesio kuti asenze thumbalo paphewa. Anaseka, koma anzawo anawakuwiza, ndiye anasenza. Ndinawakankha ndi dzanja pachifuwa, sanasunthe.

"Tsopano kwerani pakiretipo, thumba lili pomwepo."

"Comadre, ndine munthu wamkulu."

"Kwerani, si mwati kutalika kulibe vuto?"

Anakwera. Ndinawakhudza ndi chala chimodzi chokha. Thumba linapita uko, iwo uku, chipewa chawo n'kukagwera kunsi kwa jipi yawo. Madalaivala anaseka mpaka khofi kutayikira.

Ine sindinaseke. Ndinawerama kuti ndiwatolere chipewa, poti ulemu ndili nawo ngakhale anthu amati ndilibe. Nditawerama ndinaona ziwiri. Choyamba, pamzere wonsewo jipi ya a Arcesio ndi yokhayo imene sinakwezedwe, inali pansi ngati nkhuku yofungatira. Chachiwiri, nsonga za masipuling'i ake zinali ndi penti wobiriwira. Penti ameneyo ndimamudziwa. Ndi amene anatsala titapaka chitseko cha nyumba yathu, ndipo a Gonzaga anapaka zitsulozo kuti zisachite dzimbiri, ine nditawagwirira chitini.

Ndinadzuka, chipewa n'kuchisiya pomwepo.

"Ancízar, tawerama undiuze ngati osula zikwanje amasulira kunsi kwa galimoto imeneyi."

Anawerama, enanso n'kuwerama. Kuseka kunatha, pakuti ambiri a iwo anakwezetsa jipi zawo kwa munthu yemweyu.

"Bwanji yanu simunakweze, don Arcesio?" anafunsa Ancízar.

"Yanga imanyamula zidzukulu zanga kupita kusukulu," anatero, osaganiza.

"Ndiye wanga uja ndi mwana wa galu?" ndinatero. "Munamunyamula ndi manja anuwo pamaso pa wansembe, mukulonjeza kuti mudzamuyang'anira. Mwamukweza m'mwamba, zitsulo zabwino za bambo ake mwaika kunsi kwa zidzukulu zanu."

"Anachita kundipempha yekha, comadre. Masipuling'i anga anali atatopa, awa akanangokhala pamulu."

"Mwana akapempha mpeni mumamupatsa?"

Anati andibwezera akabwerako ku ulendo wa masana, poti anthu anali atakwera kale. Ndinatsegula chitseko n'kukhala pampando wa dalaivala, chikwama pamiyendo. Ndinauza okwerawo kuti atsike akapeze ina, iyi ikupita kugalaja. Mayi wina anayamba kudandaula za nthawi, ndinamuonetsa bala la ngozi ija pachigongono changa, anatsika.

A Arcesio anagonja, ndipo kugalajako ndinakhala pachidebe chovundikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anandipatsa khofi, ndinakana. Anandipatsa mpando, ndinakana. Anaika jeke, n'kumasula limodzi limodzi akutukwana chapansipansi, jipi yawo n'kutsala pazitsa. Wilmer anabwera ndi mkono wake wa chikhakha, akufuna kundichititsa manyazi kuti anthu akutinena.

"Akunena amoyo," ndinamuuza. "Mawa jipi ibwera kuno, itsike mmene inalili, matayala akale abwerere. Msewu ukakumbika utenge fosholo ukwirire, monga ankachitira bambo ako. Apo ayi makiyi ndiponya mumtsinje momwe muli khofi wanga."

Anayang'ana pansi, n'kuvomera ndi mutu.

A Arcesio anabweretsa masipuling'i pawilibala. Ndinawerenga: anayi. Ndinapalasa dothi ndi chikhadabo pa lililonse mpaka penti wobiriwira aoneke.

"Mawa ndimanga ndekha, osalipiritsa," anatero akupukuta manja. "Ndiye tathana, comadre?"

"Mabawuti ake."

Kenako anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, n'kuwathira m'chikhato changa, onse.